Funsani Tikuyankheni: Kutola ma fossil ku Lyme Regis

FUNSO: Akonzi, ine ndili kuno ku England ndiye anzanga akuti tipite ku Lyme Regis tikatole ma fossil (zotsalira za zamoyo zakalekale zomwe zinasanduka miyala) m'mbali mwa nyanja, kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga munthu umayamba bwanji?

YANKHO: Pitani ndithu achimwene, malo amenewo ndi osowa. Gombe limenelo, la m'chigawo cha Dorset, analiika pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2001, ndipo miyala yake inaumbika pansi pa nyanja zaka pafupifupi 200 miliyoni zapitazo, nthawi ya Jurassic. Mary Anning, yemwe anatchuka ndi kutola ma fossil, ndi mchimwene wake Joseph anapeza mafupa a ichthyosaur, nyama yakalekale ya m'nyanja, komweko cha m'ma 1811.

Kutola zomwe zagwa kale pamchenga ndi zololedwa, koma chonde musamakagogode phompho ndi hamala, dothi lake ndi lofewa ndipo limagumuka osachenjeza makamaka mvula ikagwa, moti musayime ngakhale m'munsi mwake. Onani kaye ndandanda wa mafunde muzipita madzi akuyamba kuphwa, chifukwa akamabwerera amatha kukutsekerani njira.

Nyengo yabwino ndi yozizira nyanja ikangowinduka, mafunde amakhala atsuka matope onse. Yendani mowerama pang'onopang'ono, ku Charmouth, mudzi woyandikana ndi Lyme Regis, mupeza ma ammonite (zigoba za nyama zakale za m'nyanja) ang'onoang'ono opiringizika ngati nyanga ya nkhosa, ena onyezimira mwagolide chifukwa cha mwala wotchedwa pyrite, komanso ma belemnite, zotsalira zina za nyama za m'nyanja zosongoka ngati chipolopolo. Mukapeza chachilendo ngati fupa kachionetseni ku Charmouth Heritage Coast Centre akachilembe m'kaundula, akatswiri amazifuna zimenezo.