Anapanga gemu yotchuka, kodi ndimusonkhere ndalama?

Funso: Zikomo alangizi. Ndimakonda magemu a pakompyuta. Munthu wina amene anapanga gemu yomwe ndinkaikonda ndili mwana akupempha anthu pa Kickstarter, webusaiti yosonkherapo ndalama za ntchito zatsopano, kuti timusonkhere ndalama zopangira ina. Ndikufuna kuikapo madola 60. Mnzanga akuti munthuyu ndi katswiri, palibe choopa, koma mayi a kunyumba akuti ndikutaya ndalama m'madzi. Kodi mbiri yakeyo si yokwanira kuti ndimukhulupirire?

Yankho: Achimwene, mbiri ndi yofunika ndithu, kungoti mnzanuyo akuona mbiri imodzi pamene zilipo ziwiri. Ina ndi ya luso la manja. Ina ndi yosunga ndalama za eni ndi kumaliza ntchito pa nthawi yake. Mmisiri akhoza kumanga khoma lowongoka bwino ali pansi pa kontilakitala, koma tsiku limene mwamupatsa yekha ndalama zonse za simenti ndi malata, m'pamene mumamudziwa bwino. Akatswiri ambiri a magemu anatchuka ali pa ntchito m'makampani akuluakulu, kumene thumba linkagwiridwa ndi ena, ndipo panali bwana wonena kuti basi, zakwana, tulutsani. Pa Kickstarter bwana ameneyo palibe.

Taonani za Keiji Inafune wa ku Japan, yemwe dzina lake linamveka ndi gemu ya Mega Man ali ku kampani ya Capcom. Mu 2013 anapempha madola 900,000 kuti apange Mighty No. 9, anthu n'kumukhuthulira oposa 3.8 miliyoni chifukwa cha dzina lokhalo. Tsiku lotulutsa linasunthidwa kangapo, gemuyo n'kudzatuluka mu 2016, ndipo ambiri amene anasonkha anakhumudwa nayo. Chimene ine ndimachiona kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti mu 2015, yoyambayo isanathe, iye anabweranso kudzapempha za ina yotchedwa Red Ash. Ulendo uno anthu anamana, ndalama sizinakwane. Telala amene akulandira dipoziti ya suti yachiwiri yoyamba ikadali pa makina, mumadziwa nokha kuti zikupita kuti.

Ngakhale oona mtima amaphonya masamu. Tim Schafer wa kampani ya Double Fine anapempha madola 400,000 mu 2012, n'kulandira oposa 3.3 miliyoni. Ndalama zitachuluka, maloto nawo anakula, mpaka ntchito inaposa thumba. Gemuyo, Broken Age, anachita kuidula pawiri: gawo loyamba mu 2014, lachiwiri mu 2015. Inatuluka, inde, koma mochedwa kwambiri. Star Citizen ya Chris Roberts, yemwe anatchuka ndi Wing Commander, inayamba kusonkhetsa mu 2012 yomweyo, yalandira madola mamiliyoni mazanamazana, ndipo zaka zoposa khumi zinadutsa ikadali yoyeserera.

Pomwe Team Cherry, kagulu kochepa ka ku Adelaide ku Australia komwe panthawiyo sikankadziwika, kanasonkhetsa ndalama zochepa mu 2014 ndipo mu 2017 kanatulutsa Hollow Knight, yomwe anthu akuikondabe. Larian Studios ya ku Belgium inasonkhetsa mu 2013, n'kupereka Divinity: Original Sin mu 2014; itabweranso mu 2015 inali ndi umboni m'manja, ndipo anthu anaipatsa madola oposa 2 miliyoni. Mbiri yamtundu umenewu ndi imene ine ndimaipatsa ulemu.

Ndiye musanatulutse khadi, fufuzani za munthu wanuyo. Kodi anasonkhetsapo kale, ndipo anapereka zimene analonjeza? Zinthu zitavuta ankawauza anthu, kapena ankangoti zii? Nanga ali ndi kachigawo koti mungasewere lero, kapena ndi zithunzi zokongola ndi nkhope yake basi? Onaninso amene ali naye, poti gemu yakale ija sanapange yekha.

Dziwaninso kuti Kickstarter si sitolo. Ndalama zikapanda kufika pa mlingo umene wopemphayo anaika, simudulidwa kanthu. Zikafika, Kickstarter imatengapo 5 peresenti, zotsalazo, atachotsa zolipira potumiza, zimapita kwa mwini ntchito, ndipo ikalephereka Kickstarter sikubwezerani. Sheya mulibe, phindu simugawana nawo. Kubanki m'khonde wobwereka akazemba mumadziwa khomo lake. Uyu ali kutsidya kwa nyanja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo gemu yolonjezedwa ndi wapachala ameneyo.

Madola 60, mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza muno, si masewera. Ngati munthuyu anamalizapo ntchito yosonkhetsa, ikanipo pa mlingo wotsikitsitsa umene ukupatsani gemuyo, zamalaya ndi zidole zimene amalonjeza osonkha zambiri zisiyeni. Ngati akungodalira dzina la kale, dikirani ituluke, mumve amene aisewera, mudzagule. Ndipo kaya musankha ziti, yambani mwagwirizana kaye ndi mayi a kunyumbawo za kuchuluka kwake.