Hot tub yatsopano sikutentha, ikulemba E02 ndipo madzi achita thovu

Achemwali, mwati mwagula hot tub (bafa lalikulu la madzi otentha lokhalamo) ya Lay-Z-Spa yopopera mpweya kwanuko ku Luton, ku England, koma patangotha sabata imodzi pampu ikulemba E02 n'kuzima, madzi sakufika pa madigiri 38, komanso achita mbuu ndi thovu pamwamba. Musathamangire kukaibweza kusitolo, makinawo mwina alibe vuto.

E02 imatanthauza kuti madzi sakuyenda bwino kupita mu pampu, ndiye hita imadzizimitsa yokha kuti isapse. Zimitsani magetsi pakhoma, masulani fyuluta (sefa ya madzi), muitsuke pampopi mukutsegula mapindo ake ndi zala. Musanaibwezeretse, yatsani pampu kwa mphindi zochepa popanda fyuluta. E02 ikasiya, wolakwa mwamupeza. Ngati fyulutayo ikuterera kapena yasanduka yofiirira, kutsuka sikuthandizanso, ikani ina. Ndi bwino kukhala nazo ziwiri, ina ikugwira ntchito ina ikuuma. Onaninso m'kati mwa hot tub ngati simunaiwale zotsekera zija zimene mumaika pa mabowo polumikiza pampu, ambiri amagwa pamenepa. Madzi akhale pakati pa mizere ya MIN ndi MAX. Zonsezi zikakhala bwino, mwina mpweya watsekereza m'paipi: masulani pang'ono cholumikizira cha pampu mpaka mpweya utuluke ndi timadzi, kenako mangitsaninso.

Za kutentha, pamafunika kudekha. Hita yake imakweza madigiri 1.5 mpaka 2 pa ola. Madzi a pampopi nyengo yozizira amabwera ali cha m'ma 10, ndiye kufika pa 38 ndi maola osachepera 14, ndipo kunja kukazizira tsiku lathunthu limatha. Chivindikiro chikhale chotseka nthawi yonseyi. Ngati mwaikhazika pa simenti, yalani mphasa ya siponji kapena ya labala pansi, apo ayi simenti imamwa kutentha konse. Makina aja otumphutsa madzi ndi mpweya musayatse pamene mukutenthetsa, chifukwa amapopera mpweya wozizira wa panja m'madzimo.

Pulagi ilowe mwachindunji mu soketi ya pakhoma. Ekisitenshoni ayi ndithu, imatentha mpaka kusungunuka. Dinani TEST kenako RESET pa kabokosi ka pa waya musanalowe m'madzi. Kabokosiko kakamangodula magetsi, itanani wa zamagetsi, osayesa nokha.

Tsopano madzi, pamene pagona nkhani yaikulu. Gulani timapepala toyezera, muziyeza tsiku lililonse, ndipo muzikonza motsatana chonchi: alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa asidi kusinthasintha) ifike pakati pa 80 ndi 120 ppm (muyeso wa kuchuluka kwa chinthu m'madzi), kenako pH (muyeso wa asidi wa m'madzi) pakati pa 7.2 ndi 7.6, pomaliza klorini pakati pa 3 ndi 5 ppm. Mukayamba ndi klorini mukungotaya ndalama, chifukwa pH ikakwera klorini imafooka. Madzi a ku Luton amachokera m'nthaka ya choko, ali ndi laimu wambiri, uja mumamuona mu ketulo. Laimuyo amatha kuyeretsa madzi mbuu ndi kumata fyuluta, choncho mudzafuna pH Minus (mankhwala otsitsa pH) ndi mankhwala oletsa laimu. Klorini wa ufa muzimusungunula kaye mu jagi ya madzi ofunda, muthire pampu ikuyenda. Mankhwala awiri osawasakaniza m'chiwiya chimodzi.

Thovu limabwera ndi ife eni. Vaseline, mafuta odzola, mafuta a m'tsitsi ndi sopo wotsalira m'zovala zosambira, zonse zimathera m'madzimo. Aliyense asambe kaye asanalowe, ndipo zovalazo muzizitsukuluza ndi madzi okha, opanda sopo. Mankhwala ophwetsa thovu amangobisa vutolo kwa kanthawi. Popeza madzi anu achita kale mbuu, akhuthuleni, mupukute m'kati, mudzaze atsopano ndi fyuluta yatsopano, muthire klorini woyamba wochulukirapo monga zalembedwera pa botolo, ndipo musalowemo mpaka kapepala kasonyeze kuti watsika kufika pa 5.