Kodi mphesa zopanda njere zingabereke kuno ku Lilongwe?

Mayi wina wa ku Likuni wanditumizira imelo kufunsa ngati angadzale pakhomo pake mphesa zopanda njere zija zimene amaziona m'masitolo akuluakulu a m'tauni, ndiponso kumene angapeze mbewu yake. Funso lanuli, mayi, landikhudza kwambiri, chifukwa palibe chomera chimene chandidyera nthawi ndi maganizo pakhomo panga kuposa mpesa.

Pamene tinkalowa m'nyumba yathu ya ku Area 25 tinapeza mpesa wakale utayanga pampanda, kuseri kwa khitchini. Unkaphuka wokha nyengo yotentha ikafika, ndipo matsango ake ankayamba kupsa mu Januwale, mvula ili pachimake. Ndinkati ndikadzuka m'mawa ndinkapeza masamba ali ndi madontho achikasu, kunsi kwake kuli chuku choyera, ndipo mphesa zimene dzulo lake zinali zosalala zitang'ambika, mavu ndi nyerere zitaunjikana pomwepo. Ana ankasankha ziwiri zitatu zimene zapulumuka, zotsalazo tinkakataya kudzala. Anansi onse amene ankaona zimenezi ankandiuza mawu amodzimodzi, akuti mphesa ndi za kunja ndipo kuno sizingatheke.

Mawu amenewa ndinawakana, ndipo mpaka lero ndimawakana. Dothi lathu lilibe mlandu, ndipo dzuwa tili nalo lokwanira. Chimene chimaononga mphesa ku Lilongwe ndi chakuti zimapsa nthawi yolakwika. Matenda a downy mildew, amene amabweretsa madontho achikasu ndi chuku choyera chija pamasamba, amafala kukakhala chinyezi ndi kutentha, ndipo mphesa yakupsa ikalandira madzi ambiri imatupa mpaka khungu kuphulika. Mphesa za ku South Africa zimene timagula zimalimidwa m'madera ngati Orange River, kumene mvula ndi yochepa ndipo alimi amadalira kuthirira, ndi Hex River Valley, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira. Alimi a ku Nashik m'dziko la India, amene ali ndi dzinja lamvula yambiri ngati ife, amadulira mipesa yawo kawiri pachaka kuti zokolola zidzafike kunja kuli gwa. Chilimwe chathu, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndi chuma chimene sitikuchigwiritsa ntchito. Kuyambira pamene ndinayamba kudulira m'nyengo yachisanu ndi kuthirira, mpesa womwe uja umatipatsa matsango athunthu mu Novembala.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima. M'mbali mwa misewu mumapezeka ogulitsa mbande za m'machubu amene amalumbira kuti zawozo ndi zopanda njere, pamene anazifesa kuchokera ku njere. Zimenezi sizingatheke. Mu mphesa zamtunduwu njere imayamba kupangika kenako imafera panjira isanakhwime, choncho mbewu yake ndi nthambi yodula kapena yomezanitsa kuchokera ku mpesa wodziwika. Munthu amadikira zaka zitatu akuthirira ndi madzi olipira, ndipo amadzazindikira kuti anamunamiza tsiku limene walawa chipatso choyamba.

Ndikupemphaninso kuti musatengeke ndi maina okwera mtengo olembedwa pamapaketi. Mitundu ngati Cotton Candy ili ndi eni ake, ndipo amalima ndi alimi okhawo amene ali ndi chilolezo. Thompson Seedless, yobiriwira ija, yakhala ikulimidwa ku California kuyambira m'ma 1870, pamene Flame Seedless ya 1973 ndi Crimson Seedless ya 1989 zinatulutsidwa ndi akatswiri a boma la America ku Fresno. Mwa zitatuzi ine ndingasankhe Flame, chifukwa imapsa msanga, ndipo kwa ife kupsa msanga ndiye nkhani yonse. Crimson imachedwa, ndipo kukatentha kwambiri imavuta kufiira. Zapakhomo zidzakhala zazing'ono poyerekeza ndi za m'sitolo, popeza alimi akuluakulu amapatulira matsango ndi kupopera mankhwala a gibberellic acid kuti zipatso zikule, koma kukoma kwa tsango lothyoledwa litapsera pamtengo sikufanana ndi kwa limene layenda ulendo wautali m'firiji.

Tsono muchite chiyani?

Funsani nthambi kwa munthu amene mpesa wake munaulawapo, ndipo mudule m'nyengo yachisanu, iliyonse ikhale ndi maso atatu kapena anayi. Ngati mukufuna kuitanitsa kunja, pamafunika chilolezo cha Unduna wa Zaulimi, ndipo mungayambe kufunsa ku Chitedze, malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi. Dzalani pamalo adzuwa, posadikha madzi, muthire manyowa owola bwino chifukwa osawola amaitana chiswe, ndipo mumange mawaya oti mpesa uziyangapo ndi kupitidwa mphepo. Ukakhwima, muzidulira kumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi ndi kuyamba kuthirira. Mukasankha Thompson muzisiya nthambi zazitali, pakuti maso a kutsinde sabereka kwenikweni. M'dzinja tetezani masamba ndi mankhwala a kopa, ndipo zipatso zikayamba kufewa vekani matsango timatumba ta nsalu yopyapyala kuopa mbalame. Musanathyole, lawani mphesa ya kunsonga kwa tsango, chifukwa zikachoka pamtengo sizionjezeranso kutsekemera.