Asisi, mwera wa July ndinaudziwa ndili ndi mwana pamadzi

Asisi, ndangoona mwalemba kuti mukufuna kupita ku Cape Maclear mu July ndi ana awiri kukakwera timabwato ta kayaki, mtima wanga wangoti phwii. Ndasiya tiyi patebulo kuti ndikuyankheni. Ife tinapita chaka chatha mwezi womwewo, ndipo mpaka lero ndikamva mphepo ikugwedeza malata usiku kuno ku Chibavi ndimadzidzimuka.

Tinanyamuka pa Mzuzu m'bandakucha, chifunga chili tolo, ine, mayi akunyumba ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 10. Tinadzera msewu wa kunyanja, Nkhata Bay, Chintheche, Dwangwa, Nkhotakota, Salima, kukakhota pa Golomoti kulowera cha ku Monkey Bay. Ndi ulendo wa tsiku lonse, asakunamizeni. Tinalowa m'mudzi wa Chembe, pa Cape Maclear pomwepo, kutada, misana itafa. Mnyamata amene ndinamupeza pa Facebook, woika zithunzi za zipinda zoyang'ana kunyanja, amene ndinamutumizira theka la ndalama pafoni kutatsala sabata ziwiri, foni yake inali yozima. Pa loji imene anatchula anatsegula buku, dzina langa mulibe. Akuti mnyamatayo si wantchito wawo, amangobwera kudzajambula pagombe. Lojiyo sinditchula chifukwa ilibe mlandu, anatimvera chisoni n'kutipatsa kachipinda ka kuseri kwa khitchini, tinalipiranso kachiwiri.

Kutacha, tikumwa tiyi, uyo watulukira, mano ali gwa kumwetulira. Bwana pepani, foni inathera moto, bwana ndalama yanu ilipo, bwana kuti mtima ukhale pansi ndikupatsani kayaki ulere mupite ku Thumbi ndi mwana. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndimadziimba mlandu mpaka pano. Munthu wandinamiza dzulo, lero ndikumupatsa moyo wa mwana wanga chifukwa cha mawu akuti ulere.

Mayi akunyumba anakana kukwera, anati adikira pamchenga. Jekete loyandamitsa linalipo limodzi lokha, la munthu wamkulu, lamba wake wapansi woduka. Mnyamata uja analimanga ndi kachingwe pamimba pa mwana n'kunena kuti palibe vuto, mng'ono wake atitsata pambuyo ndi bwato. Ndinafunsa za mphepo. Anandiyankha kuti onani nokha bwana, nyanja yagona. Ndipo zoonadi pagombe madzi anali zii, ngati m'mbale. Chimene sindinkadziwa, chomwe iye wobadwira pamenepo ankachidziwa bwinobwino, n'chakuti mwera umachokera kummwera, kuseri kwa mapiri amene ali kumbuyo kwa mudzi. Mapiriwo amatchinga gombe, ndiye ukaima pamchenga suona kanthu. Ukangotalikira, mphepo imakupeza kumsana n'kumakukankhira kunyanja yaikulu. Popita umadziona ngati katswiri. Pobwerera ndiye nkhani.

Popita tinasangalala, sindinama. Chilumba cha Thumbi chimaoneka ngati ungachikhudze ndi dzanja, ndipo tinafika osatopa n'komwe. Pamiyala paja madzi ndi oyera moti umaona zala zakumapazi pansi. Mbuna, tinsomba ta buluu, ta chikasu, ta mizeremizere, tinazungulira miyendo ya mwana wanga iye akukuwa ndi chimwemwe. Nkhwazi ziwiri zinali pamtengo pamwamba pathu, imodzi ikulira mutu utagadamira kumbuyo. Mng'ono wa mnyamata uja anafikadi, anakhala nafe pang'ono, kenako anati akukagula usipa kwa asodzi woti tiponyere nkhwazi. Sanabwererenso.

Cha m'ma 11 ndinaona madzi asintha mtundu, akuda, ndi timitu toyera apo ndi apo. Ndinati tiyeni tizipita. Ndinapalasa, ndinapalasa, mapewa kuchita moto, koma ndikacheuka mwala womwe uja uli pambali pathu pomwe. Sitikusuntha. Kenako ndinazindikira kuti tikusuntha, koma chammbali, kulambalala chilumba, kulowera kumene kulibe kanthu. Mudzi unayamba kuchepa. Mwana anali kutsogolo, wasiya kupalasa, wagwira m'mphepete mwa kabwato ndi manja onse awiri. Funde lina linatimenya kutsogolo n'kutidzaza madzi m'miyendo. Ndinayesa kukhota kuti tibwerere ku miyala ya Thumbi, ndipo pokhota pamenepo kabwato kanapingasa, funde lachiwiri linangotinyamula n'kutivundikira.

Asisi, ine ndinakulira kusambira pa Chikale ku Nkhata Bay, madzi ndimawadziwa. Koma nditavuuka sindinamuone mwana. Ndinaona jekete lokha likuyandama, lofiira, lopanda mutu. Kachingwe kaja kanali katamasuka, jekete linakwera m'mwamba, iye anatsetserekera pansi, nkhope yake ili m'kati mwa jeketemo. Ndinamugwira tsitsi, tsitsi lenileni, zingwe zimene mayi ake anamuluka dzana lake, n'kumukokera kumwamba. Sanalire. Zikanakhala bwino akanalira. Anangonditong'olera maso, akutsokomola madzi, milomo ikunjenjemera. Dzanja limodzi ndagwira kachingwe ka kumapeto kwa kabwato kovundikirika, lina ndamukolowekera m'khwapa. Nkhafi zonse ziwiri zapita. Foni imene ndinaikulunga m'jumbo ya shuga yapita. Funde likabwera ndinkamuuza kuti tseka pakamwa, likadutsa puma, likubweranso tseka. Ndinawerenga mafunde mpaka ndinasokonezeka. Madzi a July ukakhalitsamo amazizira, zala zinayamba kufa, ndipo ndinkamva kachingwe kaja kakupulumuka pang'onopang'ono. Penapake anandinong'oneza kuti, adadi musanditaye. Mawu amenewo sadzachoka m'mutu mwanga.

Amene anatipulumutsa ndi asodzi awiri pa bwato la mtengo, bambo wachikulire ndi mnyamata, akubwerera kumtunda. Ndinangomva mawu akuti, gwirani mwanayo, chapulasitikicho chisiyeni! Anafika chammbali mwaluso loti sindingalifotokoze, bamboyo anamunyamula mwana ngati thumba la ufa n'kumugoneka pa ukonde, pakati pa usipa. Ine sindinathe kukwera, mphamvu zinatha, anachita kundikoka ndi lamba wa kabudula. Anavula malaya ake n'kumufunditsa mwana. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, ndani wakupatsani bwato lero, pamene ife eni nyanja tikuthawa? Ndinasowa choyankha. Ndalama anakana, anati mwanayu ndi mdzukulu wawo. Pamchenga tinapeza mayi akunyumba atagwada m'madzi ofika m'mawondo, chitenje chitagwa, mawu atatha ndi kukuwa. Anaona zonse kuchokera patali, kadontho kofiira kakuonekera n'kumasowa.

Ndiye tamverani za mnyamata uja. Anabwera akuthamanga, ine kumaganiza kuti abwera kudzafunsa za mwana. Ayi. Akufuna ndimulipire nkhafi ziwiri ndi ndalama yokakokera kayaki. Mwana akusanza madzi pamchenga, iye watambasula dzanja! Munthu wopanda umunthu ngati ameneyu sindinamuonepo. Amadziwa kuti ndi nyengo ya mwera, amadziwa kuti jekete lake ndi loduka, amadziwa kuti mng'ono wake watisiya, ndipo ndalama yanga ya chipinda ali nayo m'thumba. Anthu a m'mudzimo ndi amene anamuthamangitsa, amayi ena ochapa pagombe anamukalipira mpaka anazemba. Ndalama sinabwere mpaka lero, ndipo tsamba lake analisintha dzina, zithunzi zomwe zija. Chimandiwawa n'chakuti anthu ngati ameneyu amaipitsa mbiri ya anyamata ambiri a pa Chembe amene amagwira ntchito yawo moona mtima, ndiponso amaona ife Amalawi ngati alendo osafunika kuwasamala. Mzungu akanamupatsa jekete loduka? Ndikukayika.

Tsopano malangizo. Musatumize ndalama kwa munthu musanaone chipinda ndi maso anu. Komabe nthawi ya tchuthi malo amadzaza, ndiye musapite osasungitsa, imbani ku loji kwenikweniko, mulankhule ndi a pa ofesi, mutumize pang'ono pa nambala yawo ndipo akupatseni umboni wolembedwa. Anyamata okutsatani pamchenga musawamvere, koma za nyanja funsani anthu a pamchenga pomwepo, makamaka asodzi achikulire amene akusoka maukonde pansi pa mitengo. Akati lero ayi, ndi ayi, ngakhale madzi aoneke ngati galasi. Mwera umavuta kuyambira cha mu May mpaka August, ndipo ukatsimikiza umawomba masiku angapo osapuma. Mukanatha kusuntha ulendo kufika September kapena October, kukutentha koma nyanja yofatsa, ndikanakondwa.

Koma musalephere kupita chifukwa cha ine, chonde. Malo aja ndi athu. Ndi Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mbuna zomwe zija, zimene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Tengani ziphaso zaunzika, Amalawi timalipira zochepa polowa kusiyana ndi akunja. Ana akaone Otter Point, kumene mungafike ndi miyendo osakwera bwato. Ife a kumpoto tili ndi chathu kumeneko: mishoni ya Livingstonia inayambira pa Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Manda a amishoni oyambawo alipo pafupi ndi ofesi ya paki. Mwana wanga anaima pamenepo tsiku lotsatira, akadali wofooka, akuwerenga mayina, osakhulupirira kuti Livingstonia wa pamwamba pa Chitimba anayambira pamchenga wa ku Mangochi. Chakudya muzisamala, anyani a kumeneko salemekeza munthu. Ku zilumba za Domwe ndi Mumbo ife sitinafike, ndipo Mumbo ili pafupifupi makilomita 10 kuchokera pagombe, si ulendo woyesera ndi ana pa kayaki, kwerani boti ya injini. Ngakhale ku Thumbi komweko, mu July kwerani ya injini. Mukabwerako, pakapita masabata angapo mukayezetse likodzo nonse, m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi muli nkhono zake.

Ndanena kuti ana asakwere kayaki, ndikudziwa. Koma wanga yemweyo wakhala akundikakamiza kuti tibwerere, akuti akufuna akapalase yekha mpaka pamwala pomwe paja, ndipo ndamulonjeza October. Ngati anu aumirira, akwere m'mamawa kwambiri, m'mbalimbali mwa gombe, wowatsogolera ali pa bwato lake pambali panu kuyambira ponyamuka mpaka pobwerera, osati wongolonjeza kuti akutsatani. Jekete lililonse mumuveke mwana muli pamtunda, mumange malamba onse ndi wapansi yemwe, kenako mumugwire m'mapewa mwa jeketelo n'kukokera m'mwamba mwamphamvu. Likakwera kufika m'makutu, vulani mubweze, ndipo musakwere.