Mafunso a Awerengi: Mnzanga wa mu Kwaya Wandiipitsira Mbiri

Funso: *Ndamva kuti mayi wina amene timaimba naye kwaya akuuza anthu zoti ndinadya ndalama za gulu, pamene ndi bodza. Papita miyezi iwiri tisakulankhulana, ndipo Mgonero wa Ambuye ndikuuzemba. Ena akuti ndikanene kwa abusa, ena akuti ndingokhululuka n'kukhala chete. Nditani? — Mlongo wosweka mtima*

Pepani mayi, kunamiziridwa kuba kumawawa, makamaka bodzalo likachokera kwa munthu amene mumaimirira naye limodzi pamaso pa Mulungu. Koma malangizo awiri mwapatsidwawo onse akulumpha poyambira.

Kalata yanu yayamba ndi mawu akuti "ndamva". Bwererani kaye kwa amene anakuuzaniyo mukamufunse zinthu ziwiri: kodi anamva ndi makutu ake, ndipo kodi akulola kuti mumutchule dzina? Akayamba kuzengereza, dziwani kuti nkhaniyo mwina yakula m'njira. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Miyambo 18:17 imatichenjeza kuti woyamba kufotokoza mlandu amaoneka wolungama mpaka mnzake atabwera kudzamufunsa.

Kenaka tsatirani dongosolo la pa Mateyu 18:15-17. Poyamba mupite nokha, muli awiri basi. Musamuimitse pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka, ndipo musalembe uthenga pa foni, chifukwa mawu olembedwa samveka ngati munthu akulira kapena akukalipa, komanso amatumizidwa kwa ena mosavuta. Mupempheni nthawi, mukhale pansi pamalo poti wina sakumvani. Nenani chinthu chimodzi chokha, momveka: "Amayi, ndamva kuti munanena zoti ndinatenga ndalama za kwaya. Zandipweteka, ndiye ndabwera kuti ndimve kwa inu." Mukatero khalani chete, ayankhe mpaka amalize. Musafukule zakale. Mukangoti "ndiponso chaka chatha munandichita zakuti", iye ayamba kudziteteza, ndipo nkhani mwabwerera ija isowa.

Chimene chimaononga sitepe yoyambayi kawirikawiri ndi ichi: munthu asanapite kwa womulakwirayo amakhala atauza kale anzake asanu, ena mwa iwo powapempha kuti amupempherere. Pemphero lotchula dzina la munthu ndi tchimo lake pagulu limasanduka miseche, ngakhale litayamba ndi mtima wabwino. Nkhaniyo imakafika kwa mwini wake inu musanafike, ndiye mumakapeza mtima wake watseka kale.

Akakana kumva, pitaninso ndi munthu mmodzi kapena awiri. Lamuloli likuchokera pa Deuteronomo 19:15, pamene nkhani imatsimikizika ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Musatenge anzanu apamtima, chifukwa iye adzaona ngati mwabwera ndi gulu lodzamuzinga. Sankhani Mkhristu wokhwima, wosunga chinsinsi, amene nonse awiri mumamulemekeza, ndipo mudziwitseni mnzanuyo pasadakhale kuti mubwera ndi uje. Ntchito ya mboniyo ndi kumva mbali zonse, ndipo ikakuuzani kuti inunso penapake munalakwitsa, landirani. Zikakanika apa m'pamene nkhani imapita ku mpingo, kudzera kwa akulu ampingo kapena abusa, osati poimirira nthawi ya maumboni. Popeza bodzali likukhudza ndalama, pemphani kuti mabuku a kwaya aunikidwe ndi anthu amene sali mbali ya mkanganowu, ndipo zotsatira zake ziwerengedwe ku gulu. Mnzanuyo akavomera kulakwa, kupepesa kwa inu nokha sikukwanira: akakonze mawu ake kwa anthu omwe anawauza aja.

Kukhululuka yambani lero, pakuti kumeneko ndi kwa inu ndi Mulungu, ndipo sikudikira kuti wina apepese. Koma kukhala chete mtima ukuwira mkati si kukhululuka. Kuyanjana kumafuna anthu awiri, n'chifukwa chake Aroma 12:18 akuti tikhale mwamtendere ndi anthu onse monga momwe tingathere ife. Za Mgonero, Mateyu 5:23-24 akuti munthu asiye mphatso yake paguwa, akayanjane ndi m'bale wake, kenaka abwerere kudzapereka. Lembalo likufulumizitsa ulendo, silikupereka chilolezo chokhala kutali miyezi iwiri. Pitani sabata ino.

Tinene poyera kwa ena amene akuwerenga: dongosolo ili ndi la kulakwirana kwa pakati pa abale. Ngati nkhani ndi yogwirira, yozunza mwana kapena yomenya munthu, wolakwiridwayo asatumizidwe yekha kwa womuzunza. Zoterozo zikanenedwe msanga kwa atsogoleri odalirika ndi kupolisi.

Funso: *Andisankha kukhala msungichuma wa gulu la achinyamata. Amene analipo kale ankangosunga ndalama kunyumba, popanda cholemba chilichonse. Ndikafunsa za malisiti, akundiuza kuti ndilibe chikhulupiriro mwa abale. Kodi ndikulakwa? — Mnyamata wa zaka 24*

Simukulakwa achimwene, ndipo Baibulo lili kumbali yanu. Paulo posonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu sanafune kunyamula ndalamazo yekha. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akufotokoza kuti panali m'bale wosankhidwa ndi mipingo kuti ayende nawo, pofuna kuti wina asawanene, ndiponso kuti achite zabwino pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu. Pa 2 Mafumu 12:10, bokosi la zopereka za Kachisi likadzaza, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankawerenga ndalamazo limodzi.

Musalandire udindowu pakamwa pokha. Khalani pansi ndi amene akutulayo pamodzi ndi mboni ziwiri, muwerenge zomwe zilipo, mulembe tsiku ndi chiwerengero, nonse musayine. Mukapanda kutero, zoperewera za m'mbuyo zidzagwera inu.

Gulani buku limodzi lachikuto cholimba, mulembe manambala pa masamba onse kuti tsamba likang'ambidwa zidziwike. Tsamba lililonse ligawidwe m'mizere isanu: tsiku, tsatanetsatane, zolowa, zotuluka, zotsala. Lembani ndi bolopeni. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi woti cholakwikacho chiziwerengekabe, n'kusayina pambali. Chopereka chiwerengedwe ndi anthu awiri osakhala apachibale, pomwepo anthu asanabalalike, ndipo owerengawo azisinthana. Ndalama isatuluke popanda chilolezo cha komiti cholembedwa mu maminitsi, ndipo wogula abweretse lisiti pamodzi ndi chenji. Ngati wogulitsa alibe malisiti, alembe papepala n'kusayina. Ngati n'kotheka tsegulani akaunti m'dzina la gulu, yokhala ndi osayinira atatu, awiri mwa iwo azisayina potapa. Mwezi uliwonse werengani lipoti pamaso pa onse, ngakhale ndalamazo zikhale zochepa chotani.

Asungichuma ambiri amene amagwa sayamba ndi mtima wakuba. Mwana wadwala usiku, ndalama za gulu zili m'chikwama, munthu amati ndibwereka ndibweza Lachisanu. Lachisanu likafika pabuka vuto lina. Choncho musasakanize ndalama za gulu ndi zanu, ngakhale pa foni, ndipo musabwereke kapena kubwereketsa mwamseri, angakhale wopemphayo ndi wapampando.

Funso: *Ndimaopa kukazonda odwala chifukwa sindidziwa choti ndikanene. Ndithandizeni. — Dikoni watsopano*

Abambo, mawu ambiri safunika. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osalankhula (Yobu 2:13), ndipo zinthu zinaipa atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufunira tchimo. Musafunse wodwala kuti analakwanji. Yesu anakana maganizo amenewo pa Yohane 9:1-3, ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona.

Funsani kaye womusamalira ngati nthawiyo ili bwino. Mupite awiri kapena atatu, osati gulu lodzaza chipinda. Sambani m'manja polowa ndi potuluka, ndipo ngati muli ndi chimfine tumani wina. Khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ake. Mphindi 15 kapena 20 n'zokwanira, ndipo mukaona zikope zikulemera, tsanzikani. Werengani ndime yaifupi, monga Masalimo 23 kapena 121, mufunse chimene akufuna kuti mupempherere, ndipo mupemphere motsitsa mawu. Musalonjeze tsiku la machiritso, ndipo musamuuze kuti asiye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, chifukwa anthu amataya moyo ndi malangizo amenewo. Dzina la matenda ake si lanu kuti mukalengeze ku tchalitchi asanakuloleni.

Musanachoke, mutengereni pambali womusamalira uja. Kawirikawiri ndi amene sanagone masiku angapo ndipo palibe amamufunsa za moyo wake. M'malo monena kuti "mukafuna kanthu mutiuze", tchulani chinthu chenicheni: "Lachitatu masana ndibwera kudzakhala ndi odwalawa maola awiri kuti inu mupumeko." Lachitatulo likafika, pitani.