Kodi Masewera a Matsenga Ndingawachite Bwanji Pamaso pa Okalamba?

FUNSO: Ndimachita masewera a matsenga pa maphwando a ana, ndipo tsopano oyang'anira nyumba ina yosungira okalamba andipempha kuti ndikasangalatse agogo amene amakhala kumeneko. Andiuza kuti ena samva bwino, ena saona bwino, ndipo angapo ali ndi matenda a dementia, amene amafooketsa ubongo n'kuchititsa munthu kuiwalaiwala. Kodi ndipite ndi masewera omwewo amene ndimachitira ana? Nanga ndipewe chiyani?

YANKHO: Zipangizo zambiri za pa maphwando a ana mukhoza kupita nazo, chifukwa zimakhala zazikulu ndiponso zamitundu yowala, koma kalankhulidwe kamene mumalankhula kwa ana mukasiye kunyumba. Anthu amene mukukakumana nawo analera ana ndi adzukulu, anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo ngakhale amene maganizo awo afooka amazindikira msanga munthu akamawalankhula ngati makanda.

Nkhani yaikulu kuposa zonse ndi ya kukumbukira. Masewera ambiri a matsenga amadalira kuti woonerera akumbukire mmene zinthu zinalili poyamba. Mumauza munthu kuti asankhe khadi, aliyang'anitsitse, alibwezere pakati pa makhadi ena, kenako patapita kanthawi mumalitulutsa m'thumba mwanu. Kudabwitsa kwa sewero limeneli kuli m'mutu mwa wosankhayo, moti akaiwala khadi lija, chimene chimatsala ndi manyazi a munthu wamkulu amene walephera kuyankha funso pamaso pa anzake. Bungwe la World Health Organization limanena kuti mwa anthu 100 alionse odwala dementia, 60 mpaka 70 amakhala ndi matenda a Alzheimer, ndipo matendawa amayamba ndi kuwononga luso lokumbukira zimene zangochitika kumene, pamene za pa ubwana zimakhalitsa. Choncho sankhani masewera amene chodabwitsa chake chimaoneka ndi maso nthawi yomweyo, popanda kufunsa munthu kuti, "Kodi mukukumbukira?" Mphete zazikulu zachitsulo zimene zimalowerana ngati unyolo, zingwe zitatu zosiyana kutalika zimene zimasanduka zofanana, mpango umene umasintha mtundu ukudutsa m'dzanja, zonsezi munthu amasangalala nazo ngakhale atayamba kuonerera seweroli lili pakati. Sewero la makapu ndi timipira, limene ndi lakale kwambiri moti Seneca, wolemba mabuku wakale wa ku Roma, analitchula m'kalata zake, limayenda bwino mukalifupikitsa n'kufulumira kufika pamene mpira waukulu umatuluka pansi pa kapu. Ngati makhadi mumawakonda kwambiri, gulani akuluakulu, ndipo khadi losankhidwalo liikeni poonekera kwa aliyense mpaka sewero lithe.

Za maso ndi makutu zili ndi zifukwa zake zimene muyenera kuzidziwa. Munthu akamakalamba, mwana wa diso amachepa ndipo kuwala kolowa m'diso kumachepanso; mbali ya diso imene imagwira ntchito ngati galasi imayamba chikasu, motero buluu, wobiriwira ndi pepo zimavuta kusiyanitsa. Zinthu zofiira, zachikasu ndi zoyera zimaoneka bwino, makamaka inu mukavala chovala chakuda chopanda maluwa. Musaime kutsogolo kwa zenera, chifukwa amene ali ndi ng'ala amathobwa ndi kuwalako ndipo amangoona chithunzithunzi chanu. Makutu nawo amayamba kutaya mawu okwera, opyapyala, n'chifukwa chake zilembo monga s, f ndi t zimasowa, ndipo kukuwa kumangosokoneza mawuwo m'malo mowamveketsa. Lankhulani modekha ndi mawu otsika ngati a besi, pakamwa panu pakuonekera, ndipo nyimbo muzizimitsa nthawi imene mukulankhula, popeza tizipangizo tothandiza kumva timakweza phokoso lonse pamodzi.

Zoyenera kupewa n'zosavuta kuzitchula. Moto uliwonse, ngakhale wa timapepala toyaka mwadzidzidzi, ndi woopsa pamalo pamene ena akupuma mpweya wa okosijeni wa m'masilinda. Kuphulitsa mabaluni kumadzidzimutsa anthu. Timipira ta siponji musatisiye m'manja mwa munthu mutatembenuka, chifukwa wodwala dementia akhoza kutiyesa chakudya. Koma chimene ndikukuletsani mwamphamvu ndi kubwereka mphete yaukwati kapena wotchi ya munthu n'kuisowetsa. Pa phwando la anthu athanzi zimenezi zimaseketsa, koma kuganiza kuti ena akuwabera ndi vuto lofala kwa odwala dementia, ndipo munthu akhoza kuiwala kuti mphete munabweza, mantha okha n'kumutsalira mpaka usiku, anamwino n'kumavutika naye inu mutapita kale.

Anamwino ndi osamalirawo ndi amene angakuuzeni nthawi yabwino, koma kawirikawiri m'mawa kapena masana ndi bwino kuposa madzulo, chifukwa odwala dementia ambiri amasokonezeka ndiponso kusakhazikika dzuwa likamapendeka. Theka la ola n'lokwanira. Muwafunsenso kuti ndani amakonda kutenga nawo mbali, ndani sakonda kugwidwa. Woonerera amene mwamusankha kuti akuthandizeni pa sewero musamuitanire kutsogolo. Pitani pamene wakhala, mutsike kuti maso anu alingane ndi ake, mupemphe chilolezo musanagwire dzanja lake, ndipo mukonze seweroli mwakuti anthu aombere m'manja iyeyo. Wina akagona kapena akatuluka pakati pa chionetsero, musakhumudwe ndipo musachite nthabwala pa iye.

FUNSO: Mayi anga amakhala m'nyumba yotereyi ndipo zala zawo zinauma ndi nyamakazi. Ndinamva kuti kuphunzira masewera a matsenga kumathandiza manja. Kodi n'zoona?

YANKHO: Maganizo amenewa si achilendo. Mu 1982 David Copperfield, katswiri wa matsenga wa ku America, anayambitsa ntchito yotchedwa Project Magic, imene amatsenga amagwirizana ndi madokotala ophunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito ziwalo zawo, n'kumaphunzitsa odwalawo masewera osavuta. Nzeru yake ndi yakuti munthu amatopa msanga akamauzidwa kuti afumbate ndi kufumbatula dzanja kambirimbiri, pamene akakhala ndi sewero loti akadabwitse nalo mdzukulu wake amabwereza yekha mosakakamizidwa. Chitsanzo chodziwika ndi kamphira komangira mapepala kamene kamadumpha kuchoka pa zala ziwiri kupita pa zala zina ziwiri munthu akatambasula dzanja. Zimenezi sizichiritsa nyamakazi, ndipo tsiku limene mfundo za zala zatupa kapena zikupweteka, mayi anu asachite. Yambani mwafunsa dokotala kapena namwino amene amawaona kuti akuuzeni mayendedwe a zala amene ali oyenera kwa iwo, kenako musankhe sewero limodzi lokha logwirizana ndi malangizowo, mulidziwe bwino inuyo musanapite kukawaphunzitsa.