Fuluwenza inachepadi nthawi ya Covid, sikuti inangosinthidwa dzina

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji mu 2020 ndi 2021 chimfine chinali chosowa, pamene masiku ano June akangofika nyumba yonse imagwa nacho. Ndaona ena pansipa akuti kuchipatala ankangotcha chilichonse kuti Covid. Mundipirire, nditalikitsako pang'ono.

Ife tikati chimfine timaphatikiza matenda awiri. Pali chija cha mamina ndi kuyetsemula, munthu n'kumapitabe kumsika wa Mpondabwino bwinobwino. Ndiye pali fuluwenza, ija imakugwetsa pamphasa, thupi lili moto, mfundo zonse kuphwanya, mpaka umalumbira kuti ndi malungo koma akakuyeza osawapeza. Imene inasowa ndi yachiwiriyi.

Zoti ankangosintha dzinazo ine ndikukana. South Africa, Australia ndi Chile amazizidwa miyezi yomweyi ngati ife, ndipo malabu awo sanasiye kuyeza m'chisanu cha 2020. Makina amasiyanitsa bwinobwino kachilombo ka Covid ndi ka fuluwenza, koma fuluwenzayo ankangoipeza mwa apo ndi apo. Mtundu wake wina wotchedwa B/Yamagata sunatsimikizikenso kulikonse chiyambire March 2020, moti mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti uchotsedwe mu katemera. Adokotala akanatha bwanji kubisa mtundu wathunthu padziko lonse?

Nanga Covid bwanji inapitirira pamene fuluwenza inagonja? Fuluwenza njaulesi pofalikira. Wodwala mmodzi amapatsira munthu mmodzi, mwina awiri, chifukwa ambirife tinadwalapo kale ndipo thupi limaizindikira. Covid inatipeza tonse tili osakonzeka, mmodzi ankatha kupatsira awiri kapena atatu. Ndiye mukangochepetsako mpata pang'ono, fuluwenza imathera panjira pamene Covid ikudutsabe.

Mpatawo tinauchepetsadi, ngakhale lockdown ija khoti linaiimitsa mu April 2020. Sukulu zinatsekedwa pa 23 March, ndipo ana a pulayimale, amene amakhala mothithikana m'kalasi, ndiwo amabweretsa fuluwenza kunyumba. Ndege zinaima, kachilombo kosowa pokwera. Maminibasi anachepetsa okwera, maliro tinkapita owerengeka, moni wa m'manja tinausiya, pakhomo pa sitolo iliyonse ndowa ya mpopi ndi sopo. Masiki nawo anathandiza, koma ndisakunamizeni kuti anali okhawo, poti ambirife tinkavalira pachibwano tikangodutsa apolisi. Mantha enieni anatigwira mu January 2021, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi, State House ya kuno ku Zomba n'kusanduka chipatala. Pamenepo ndiye ngakhale agogo ku Songani anayamba kuvala yofika pamphuno.

Chimfine cha mamina chija sichinathe chifukwa kachilombo kake n'kolimba, sanitaiza sakapha msanga. Sukulu zitangotsegulidwa chinabwerera.

Zoti masiki anatifooketsa thupi si zoona. Chinachitika n'choti zaka ziwiri anthu ambiri sanakumane ndi fuluwenza, ana obadwa nthawi imeneyo sanaionepo n'komwe, ndiye itabwerera inapeza khamu loidikira. Ku Australia mu 2022 inabwera msanga komanso mwamphamvu.

China chimene chimandinyansa: munthu akangomva chimfine amathamangira amoxicillin pagolosale. Mankhwala amenewo sagwira kachilombo ka mtundu uwu, mukungotaya ndalama. Koma mwana wamng'ono, mayi woyembekezera kapena agogo akayamba kubanika, musadikire, pitani nawo kuchipatala.

Kwathu ndowa ija ikadali pakhomo, ndipo amene wayamba kutsokomola amavala masiki n'kugona payekha. Chovuta ndi minibasi ya ku Limbe m'mawa wa chiperoni. Sabata yatha ndinatsegula windo tili pa Thondwe, anthu onse anandikalipira mpaka ndinatseka.